Khosi la Aphunzitsi

"N'kosisitira khosi," ananama aphunzitsi, akukankhira kaphukusi patebulo la wokonza mafoni. "Kangosiya kunjenjemera."

Anali atalambalala mashopu anayi pothawa owadziwa. Chimwalirireni akazi awo, kamakina kodzisangalatsira amuna aka ndi komwe kankawathandiza kuti asamayendeyende, koma ankakabisa m'sokosi ngati katundu wakuba.

Wokonzayo, bambo wa ndevu zake, anakatulutsa m'sokosimo, kenako anawayang'anitsitsa.

"Aphunzitsi, mwandiiwala? Munkandiphunzitsa masamu."

Thukuta linayenderera m'khosi momwemo. Ulemu wa zaka makumi atatu unali utagona patebulopo, pakati pa mawaya ndi mabatire akutha.

Wokonzayo sanagwire n'chomasulira chomwe. Anadina kabatani ka m'munsi osachotsa chala, n'kuwerenga mpaka kasanu. Kamakina kanayamba kulira chapansipansi.

"Sikanafe ayi, munangokakiya mwangozi," anatero, akukabwezera m'sokosi mwachangu.

Aphunzitsi anafika pakhomo, n'kucheuka.

"Wadziwa bwanji osakamasula?"

Wokonzayo anaweramira foni yomwe anali atamaliza kale kuikonza.

"Nanenso khosi limandivuta, aphunzitsi."