Uchi wa m'chigubu cha mlamu

Panali munthu wina woweta njuchi amene anthu ankamutchula kuti aLawani, chifukwa aliyense wofika pakhomo pake ankamutulutsira sipuni asanamupatse ndi moni. Uchi wake unali wokoma ndithu, vuto linali loti mwiniwakeyo ankadziwa zimenezo mopitirira muyeso.

Chaka china njuchi zinamukomera mtima. Atafula ming'oma yonse, ndowa zinadzaza uchi usanathe. Mlamu wake, mlimi wa tomato, anamupatsa chigubu chachikulu chabuluu. ALawani anachitsuka ndi sopo ndi madzi otentha n'kuchiyanika padzuwa. Mkazi wake atachinunkhiza anachita tsinya.

"Bambo, munali mankhwala opopera tomato umu."

"Munali, koma ndatsuka. Mphuno yanuyo, mayi, imamva ndi zophikidwa kwa aneba."

Mayiyo sanalimbane naye. Anangodzaza kandowa kake ka m'khitchini ndi uchi wosefa kumene, n'kukaika pamwamba pa kabati. ALawani nawo anathira uchi wotsalawo m'chigubu muja.

Gulu la oweta njuchi limene aLawani analimo linali ndi lamulo lakuti uchi usanagulitsidwe, aliyense atunge pang'ono m'chotengera chake chilichonse, ukayezedwe ku labotale. Mawu a mkazi wake aja ankamukandabe mumtima, ndiye mkuluyu anachita zaukathyali. Kabotolo koyenera kutungidwa m'chigubu anakadzaza ndi uchi wa m'ndowa. Zotsatira zinabwera zabwino, ndipo anayenda akuimba mluzu ngati makina a ku labotale ayezadi chigubucho. Mpaka iye mwini anayamba kukhulupirira bodza lake.

Mwana wawo wamkazi, wokwatiwa kutsidya kwa msika, anali woyembekezera koyamba ndipo ankalakalaka uchi. ALawani anauza mkazi wake kuti, "Wa m'chigubu ndiye wa maluwa a malalanje. Mudzazireni botolo mwanayo, mdzukulu wanga adziwiretu kuti agogo ake ndi ndani."

Patapita masiku, mayi woyeza wa ku labotale anayendera mamembala a gulu kudzatunga yekha. ALawani anamuchingamira ndi sipuni.

"Lawani kaye, mayi, musavutitse makina."

"Lilime silimva mankhwala, bambo. Likanamva, ine ntchito ndikanaisowa," anatero akuseka, uku akutunga m'ndowa zonse ndi m'chigubu momwe.

Zotsatira zitatuluka, mayiyo anaimba foni. "Uchi wa m'ndowa uli bwino. Wa m'chigubu muli mankhwala ophera tizilombo. Pulasitiki imamwa mankhwala, sopo amangotsuka pamwamba. Alipo amene wadyako?"

ALawani anakumbukira botolo la mwana wake. Za uchi wa chaka chonse sanaziganize n'komwe. Anakwera njinga atavala nkhwaira, n'kupalasa osapereka moni kwa aliyense mpaka kwa mwana wake.

Anamupeza pa tebulo akupaka uchi pa buledi, botolo lili theka. Mkazi wake, amene anapita kukamuona mwanayo, anali pambali akusoka kamalaya ka khanda. ALawani analanda botolo lija.

"Usadyenso, mwana wanga. Tiye kuchipatala. Ndakulakwira."

Mkazi wake sanasiye n'kusoka komwe. "Khalani pansi, bambo, mungagwe. Umenewo ndinatunga m'kandowa kanga ka pa kabati. Mumayesa mwana wanga ndingamupatse wa m'chigubu chija?"

Mkulu uja anakhala pansi, misozi ndi kuseka zikutulukira pamodzi. Anali ndi manyazi, koma chimwemwe chinaposa. Mwana wake anatunga uchi pa sipuni n'kumulozetsa nayo.

"Lawani, ababa."

Mawa lake aLawani anakumba dzenje lakuya, nathiramo uchi wonse wa m'chigubu n'kukwirira bwinobwino, kuopa kuti njuchi zake zingautole n'kuubwezera m'ming'oma. Chigubucho anachiboola ndi nkhwangwa. Anakauzanso gulu zimene anachita ndi kabotolo kaja. Mdzukulu anabadwa wathanzi, ndipo masiku ano pa tsiku lotunga uchi wokayeza, aLawani ndi amene amayamba kufika, mkazi wake atanunkhiza kale chotengera chilichonse.

Phunziro: Chotengera chimene munali mankhwala musaikemo chakudya, ngakhale mutachitsuka chotani. Kunamiza oyeza sikuchotsa poizoni, ndipo woyamba kudya angakhale mwana wanu yemwe. Si aliyense ali ndi mkazi wosunga kandowa pa kabati. Tumizirani uthengawu onse oweta njuchi, ogulitsa uchi ndi okonda kutola zigubu zaulere.