Nkhosa Zinayi M'shedi ya Mbande

Mayi Eduvina atakankha chitseko cha shedi ya pulasitiki, fungo linawalonjera asanalowe. Nkhosa zinayi zija zinalimonso, zitagona m'kanjira ka pakati, zikubzikula mosatekeseka. Dontho la madzi linagwa kudenga n'kuwalowa m'khosi.

Unali mmawa wachisanu ndi chiwiri akuzipeza mmenemo.

Mwezi wa Ogasiti, umene kumapiri kuno umabwera ndi chisanu choopsa, unayamba mofatsa, mpaka okalamba a kumtunda kwa tauni ya Curacautín ankaseka kuti chaka chino aupulumuka onse. Kenaka mphepo inatembenuka. Madzi anayamba kuundana m'migolo, udzu ukuphwanyika ngati galasi munthu akauponda. M'shedimo munali ntchito yonse ya mayi Eduvina: mabokosi a mbande za tomato ndi letesi, ndi atatu a tsabola wofiira amene njere zake anawasiyira ndi malemu mayi awo. Chaka chatha tsabolayo sanabereke bwino, choncho njere zomaliza ndi zimene zinali m'dothimo. M'botolo simunatsale ngakhale imodzi.

"Madala inu!" anafuula. "Kodi muno ndi mu hotela?"

Amuna awo, a Nolberto, anatulukira kuseri kwa khola atasenza udzu wouma.

"Ndazimanga mofupikitsa, mayi. Sizifika pa mabokosi."

"Nanga letesi wapakonayu adya ndi angelo?"

A Nolberto anayang'ana letesiyo, kenaka nsapato zawo. "Ndi mpweya wake, mayi. Mukaona..."

"Mpweya wake ndaumva kale. Ndaumvera kukhitchini. Tulutsani!"

Bamboyo anazimasula n'kuzitulutsa imodzi imodzi. A Nolberto anali munthu woti mawu ukawadula pakati, sabwereranso kukawatola. Zaka makumi anayi za ukwati sizinasinthe zimenezo.

Chimene chinkawapweteka kwambiri mayi Eduvina chinali kasankhidwe kake. Zikanakhala nkhosa zoyamwitsa, mwina akanamvetsa. Koma zoyamwitsazo zinkagona m'khola la matabwa ang'ang'a, momwe Lachitatu anatolamo kamwana kamodzi katauma gwa. M'shedi munkalowa zamphongo zonenepa, zaubweya wofika m'maondo, zoti zikhoza kugona pa chipale chofewa osayetsemula n'komwe. Zinali zomwe zija a Nolberto ankanyadira nazo pamsika wa ziweto. Nkhani inali yoonekeratu: bamboyo ankasamala ulemu wake, ndipo mbande za mkazi wake zinali udzu wamba.

Masana onse mayi Eduvina anagwira ntchito akung'ung'udza. Anakolopa ndowe. Anapukuta madontho a kudenga amene ankadonthera pa masamba mmawa uliwonse chiyambire nkhosa kugonamo. Anapemphera kolona, kupempha mtima wodekha, koma tsiku limenelo yankho linachedwa. Atalowa m'khitchini anapeza nkhuni zowaza zitasanjidwa pafupi ndi mbaula, buledi wam'phulusa atafunditsidwa kansalu kuti asazizire. A Nolberto anali pampando, kamwana ka nkhosa kali pamiyendo, akukayamwitsa ndi botolo. Mayi Eduvina anaona zonsezo, ndipo anadya buledi uja.

Dzuwa likupendeka anafukula loko wakale m'bokosi la zipangizo. Anakhoma shedi, kiyi n'kumumangirira pa kolona wa m'khosi mwawo.

A Nolberto anawapeza akuyesa lokoyo ngati wagwira. Anakweza maso kumwamba. Kunalibe mtambo ngakhale umodzi, mphepo itaima, mapiri akuoneka pafupi ngati ungawakhudze.

"Lero kugwa chisanu choopsa, mayi."

"Ndiye mabwana anuwo muwafunditse bulangete lanu."

"Tsegulani lero lokha."

"Lero lokha linali sabata yatha."

A Nolberto anapita kukhola, nabwera ndi masaka akale onse amene anawapeza, nayamba kuwayala pamwamba pa shedi, akuwapsinja ndi miyala. Masaka anathera pakati pa denga. Anavula chofunda chawo chaubweya n'kuchiyalanso pomwepo. Mayi Eduvina anaonera pawindo n'kupukusa mutu. Munthu akalakwa, amakonda kugwira ntchito yoti imuonekere.

Kutacha, dziko lonse linali mbuu. Mpope wa panja unakana kutembenuka. Mayi Eduvina anavutika ndi loko uja, mpaka anachita kumuuzira mpweya kuti kiyi alowe. Chitseko chinatseguka.

Munalibe fungo. Kanjira kanali koyera monga anakasiyira. "Zikomo Ambuye," ananong'ona, n'kulowa.

Anadikira dontho lija m'khosi, mwachizolowezi. Silinagwe. Atayang'ana kudenga anaona madontho onse atauma pa pulasitiki, ali ngati mikanda. Kuzizira kwa mkati kunali chimodzimodzi ndi kwa panja.

Anathamangira pa mabokosi atatu aja. Timasamba ta tsabola tinali titada, titagona pa dothi ngati tathiridwa madzi otentha. Tomato chimodzimodzi. Anakhudza kambande kamodzi, ndipo kanatsalira pa chala.

Kumbuyo kwawo kunamveka phazi. A Nolberto anaima pakhomo atavala juzi yokha, milomo itachita buluu, chipewa chili m'manja monga amachitira polowa m'tchalitchi.

"Zazikuluzo ndi zimene zimatentha kwambiri, mayi," anatero motsitsa. "Zinayi zimakwana mbaula imodzi. Izo chisanu sizichiopa. Ine ndimafunditsa tsabola wa apongozi."