Nkhaniyi Idikire Fodya

"Akhristu sathamangira kukasumirana, mwananga," anatero a Zgambo, mkulu wa mpingo. "Nkhani ya abwana akoyi tiyambe taikamba kuno."

Consolata, mlangizi wa zaulimi ku Kaluluma, anavomera. Abwana ake, a Yobe, anali atamumana udindo, n'kumuuza pamaso pa anzake kuti mayi woyembekezera sangayendere alimi pa njinga yamoto.

Koma tsiku lokambirana linkangosunthasuntha. Akapita, a Zgambo ankamupatsa thobwa n'kumubweza: lero tikuthyola fodya, mawa kuli maliro ku Chisemphere. Chimene sichinkamusangalatsa Consolata n'chakuti galimoto ya a Yobe inkaoneka kawirikawiri kuseri kwa chigafa cha mkuluyo.

Fodya atapita ku okushoni, a Zgambo anamuitanitsa. Consolata anapeza a Yobe atakhala kale pakhonde, akumwetulira.

"Pepa mwananga," anayamba a Zgambo. "Tamva kuti kuboma dandaulo lili ndi nthawi yake, ndipo yako yadutsa. Ungokhululuka basi."

Consolata anamaliza thobwa lake mosapupuluma, n'kupukuta pakamwa.

"Dandaulo ndinakapereka sabata yomwe ija, bambo. Kuno ndimangobwerera thobwali."