Nyani ndi Chitsa cha Msuku

Padangokhala, masuku atayamba kupsa, Nyani ndi Nkhanga adapikisana kuti aone katswiri pakudya. Aliyense adasankha mtengo wake.

"Masuku amachita kutola, alamu, sathyola," adatero Nkhanga, akujompha amene adagwa okha.

Nyani adaona kuti kudikira n'kwa opanda manja. Adabwereka nkhwangwa, nagwetsa msuku wonse, nadya akupsa ndi osapsa omwe mpaka kulephera kuyenda. Tsikulo adapambanadi.

Chaka chotsatira njala itavuta, Nyani adafika pamsuku wa Nkhanga akukanda m'mutu, ana ali pambuyo.

"Tolani, alamu, ana asagone ndi njala," adatero Nkhanga. "Koma nthangalazo mukadzale kwanu. Mpando wodikirirapo muli nawo kale, chitsa chija."

Nthano yathera pachitsapo.