Tsamba la Dickson Lomwe Linasokoneza Chinkhoswe

Panali munthu wina ku Joni, dzina lake Dickson, katswiri wolemba mapulogalamu a kompyuta pa kampani ina ku Kempton Park. Nkhani iyi ndi yoona, abale, anandiuza ndi munthu amene anali pomwepo, ndipo mpaka lero ndikaikumbukira mtima umandithamanga.

Munali mu 1999, anthu ali ndi mantha kuti chaka cha 2000 chikangokwana makompyuta onse asokonekera. Mabwana ankamupanikiza Dickson ngati bulu wa pangolo. Mutu unkamuwawa, chakudya osachifuna, munthu kuchita kuonda. Mtima ankauphwetsera malo amodzi basi: anatsegula tsamba lakelake pa intaneti, pomwe ankalembapo maganizo ake m'Chingerezi.

Maganizo akewo, eee, anali achikale zedi. Ankati dziko likuonongeka chifukwa cha sitalaka ndi mabungwe a anthu apantchito. Ankati kale kunali mwambo, wantchito ankadziwa malo ake, ndipo Amalawi amakondedwa ku Joni chifukwa sayankha bwana.

Mnzake wa kutchalitchi, Nathan, anamutsina khutu.

"Achimwene, ndale zanuzo kambani pakamwa, zimauluka ndi mphepo. Zolembazi zidzakutsatani."

"Iwe Nathan, mwa Amalawi anzathu a ku Tembisa ndani ali ndi kompyuta? Owerenga anga ndi anthu ophunzira," anatero Dickson akuseka.

Pa nthawiyi n'kuti Dickson ali pa chibwenzi ndi Elube, mtsikana amene ankamukonda kuposa chilichonse. Makolo a Elube anali kumudzi ku Malawi, ndiye mwini mbumba ku Joni kuno anali amalume ake, a Sydney, omwe ankagwira ntchito ya m'gadeni kwa mzungu wina ku Alberton ndipo ankagona m'kachipinda kuseri kwa nyumba ya bwanayo. Popanda mawu a Sydney, ukwati panalibe.

Tsiku lina Lamulungu, a Sydney anamuuza Dickson zakukhosi ngati mkamwini.

"Bambo, bwana wanga sandipatsa tsiku lopuma. Ndayamba kupita kumisonkhano ya bungwe la antchito a m'nyumba. Ndimanama kuti ndikupita kuchipatala. Izi zikhale za ife awiri."

Dickson anangogwedeza mutu, koma za bungwezo sizinamukomere.

Sabata yomweyo, munthu wina wosamudziwa anamulembera pa tsamba lija: "Iwe ndiwe wanzeru kuposa anzako onse. Tipatse chitsanzo chenicheni cha mmene mabungwewa akuonongera Amalawi." Mayo ine, kuyamikiridwa ndi mowa woipa! Dickson anafufuma. Pa nthawi ya nkhomaliro, osadya n'komwe, analemba nkhani yonse: mdala wa ku Malawi dzina lake Sydney, wa m'gadeni ku Alberton, amene amanamizira chipatala pomwe akupita kumisonkhano. Ankaona ngati wagoletsa chigoli.

Chimene sankadziwa n'choti azungu a ku Alberton ankatumizirana zolemba zake, ndipo nkhaniyo inafika kwa bwana wa a Sydney. Ma Sydney a m'gadeni ochokera ku Malawi angakhale angati m'dera limodzi? Bwanayo anawaitana, n'kuwawerengera nkhani yonse mokweza, kenako anati: "Walemba ndi Mmalawi mnzako, dzina lake ili, Dickson." Tsiku lomwelo ntchito inatha, kachipinda kaja analandidwa, katundu anamutulutsira panja pa geti.

A Sydney sanauze munthu chifukwa chake, ngakhale Elube. Anakapempha pogona kwa mnzawo ku Tembisa. Chinkhoswe chinali chitayandikira.

Tsiku linafika. Pabwalo la nyumba ina ku Tembisa panadzaza Amalawi, zitenje zofanana, nthungululu, wailesi ili pamwamba. Dickson anatchena suti yatsopano, nkhope ili ngwee. Nathan, amene anaimira akuchimuna, anadzuka ndi tambala m'manja monga mwa mwambo, kuti apereke kwa mwini mbumba, iwo abweze msoti, ukwati umangike.

Anagwada pamaso pa a Sydney. A Sydney manja anapinda pachifuwa.

"Landirani, amalume," anatero Nathan.

"Ndilandire ine, munthu wabodza?" anafunsa a Sydney mofatsa. "Mnzanuyu analemba pa makina ake kuti ndine wonama ndiponso woononga mbiri ya Amalawi. Bwana wanga anawerenga. Lero ndilibe ntchito, ndilibe pogona."

Wailesi inazimitsidwa. Dickson thukuta linali kamukamu.

"Amalume, ine ndimangokamba za ndale, sindimaganiza kuti..."

"Za ndale kambani, bambo, dziko ndi la ufulu. Koma zomwe ndinakuuzani ndinakuuzani ngati mwana wa m'nyumba. Ngati munagulitsa ine kwa anthu osawadziwa kuti akuombereni m'manja, za mwana wa mlongo wangayu mudzazilemba pati?"

Elube anamuyang'ana Dickson, misozi ili mbwembwembwe.

"A Dickson, n'zoona munalemba dzina la amalume?"

Dickson anawerama. Elube anavula mphete ya chibwenzi, n'kuiika pa mpando pomwe anakhala, ndipo anakaima kumbuyo kwa amalume ake. Nathan anatsala chogwada pakati pa bwalo, tambala akupalapata m'manja, wopanda womulandira.

Dickson anathamanga kukafufuta tsamba lonse. Koma ntchito ya a Sydney sinabwerere, ndipo Elube sanafunenso kumva dzina lake.

Phunziro: Maganizo anu pa ndale ndi anu, palibe wokuletsani. Koma chinsinsi chomwe m'bale wakuuzani musachisandutse chitsanzo pofuna kusangalatsa anthu omwe simunawaonepo nkhope. Mukatopa ndi ntchito, kagoneni, osati kulemba. Wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu. Musasunge nokha nkhaniyi, itumizeni kwa anzanu onse, makamaka aja zala zimawayabwa.