Kalata Yoyesera ya Osório

Nthawi inali 9 koloko m'mawa, koma chifunga chinali chisanachoke mu Lichinga. Osório, wa makompyuta pa kabungwe kogula mbatatesi kwa alimi, ankauzira mpweya m'manja uku akuika pulogalamu yotumiza makalata pa seva, kompyuta yaikulu ya ofesi.

Itatha kulowa, anati ayeseze kulemba asanaiyatse. Ena amangolemba kuti "teste". Iye anali ndi mawu a zaka zisanu ndi ziwiri atatsakamira pakhosi, ndiye analembera bwana wake, Dona Clotilde, zonse. Anadina batani lotumizira akumwetulira. Chinthu chozima chingatumize chiyani?

Kenaka anayang'anitsitsa. Pulogalamuyo inali itadziyatsa yokha pongoiika, monga anaipangira eni ake. Pamzere wa makalata odikira panali mbee. Kalata inali itanyamuka.

Kontirakiti yake inkatha mwezi womwewo, ndipo woisainanso anali mayi omwewo. Osório anamanga mabatani a jekete, nakagogoda.

Dona Clotilde anali maso pa kompyuta, nkhope ili gwaa.

"Chefe, desculpa, pepani bwana. Paja ndati misonkhano yanu ndi yaitali kuposa msewu wa ku Meponda, ndimatanthauza kuti ndi yozama."

Mayiwo sanaphethire.

"Wigi ija imakukhalani. Khwangwala wofiira ndaiyerekeza naye uja, ine sindinamuonepo n'komwe. Zoti shuga wa tiyi mumamuwerenga m'modzim'modzi, kumeneko n'kusamala, chefe."

"Pali zina?" anafunsa Dona Clotilde motsitsa mawu.

"Ndime yomaliza ija. Zoti amuna anu amabisala ku baraka la mowa mpaka inu mutagona, si nzeru zanga ayi. Ndinangomva kwa anyamata a njinga zamoto."

Apa mayiwo anachotsa maso pa kompyuta, namuyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato.

"Pitani mukagwire ntchito, senhor Osório. Tikambirana Lachisanu."

Atabwerera pampando, anapeza uthenga umodzi m'bokosi lake la makalata, wochokera ku seva. Kalata inali itabwezedwa mphindi yomwe ija. Kudziyatsa pulogalamuyo inadziyatsadi, koma makonzedwe amene inabwera nawo sankalola kalata kutuluka kunja kwa makina omwewo. Dona Clotilde anali asanalandire ngakhale chilembo chimodzi.

Osório anapukuta magalasi ake, nakoka kiyibodi, nayamba kusintha makonzedwewo kuti makalata azituluka.