Chitsime cha ba Evaristo

Panali munthu wina kufupi ndi Mpanshya, m'boma la Rufunsa, dzina lake Evaristo. Amene anandiuza nkhaniyi akuti ndi yoona, ndipo ine ndikaikumbukira ndimachita nseru.

Evaristo anali mlimi wa chimanga wolimbikira, koma anali ndi nthenda imodzi: ankadana ndi mwana wofunsa. Kwa iye mwana wabwino anali wongoti inde. Tsoka lake, mwana wake woyamba, Estina, wa giredi sikisi, ankafuna kudziwa chifukwa cha chilichonse.

Chaka china chimbudzi chawo chinadzaza. Evaristo anayesa kukumba kuseri kwa nyumba, koma anapeza mwala. Ndiye anapita kumtunda kwa chitsime chawo, kumene dothi linali lofewa, ndipo masiku awiri okha dzenje linatha. Kuchoka pachimbudzi kufika pachitsime panali mapazi khumi ndi awiri. Estina anawerenga yekha.

"Batate, manzi ya mu chitsime yachoka kuti?" anafunsa mwanayo.

"Pansi."

"Nanga vamene tichita mu chimbudzi viyenda kuti?"

"Pansi. Ufuna chani kansi?"

"Manje pansi apo sivikumana?"

Munthu wanzeru akanakhala pansi n'kuliganizira funso limeneli. Evaristo anam'menya mbama.

"Ine ninakumba chitsime ichi iwe ukalibe kubadwa. Ufuna kuniphunzisa?"

Mkazi wake, Natalia, anayesa kulowererapo, nati kwa mwamuna wake: "Bashi Estina, mwana wafunsa chabe."

"Ndiwe umuononga," anatero Evaristo, nkhani n'kuthera pomwepo.

Mvula itagwa mu Disembala, madzi a m'chitsime anakwera ndipo anayamba kafungo. Estina anathira madzi m'mabotolo awiri, lina a kunyumba, lina a pa pampu ya kusukulu, n'kuwaika pawindo. Patapita masiku atatu, a kusukulu anali mbee, a kunyumba atachita bii ndipo akununkha. Mwana anasangalala kuti wapeza umboni. Anathamanga nawo kwa bambo ake, osaona kuti pakhonde pali alendo a kutchalitchi.

Evaristo anachita manyazi, manyaziwo n'kusanduka ukali. Mabotolo anawaponya kutchire osawanunkhiza n'komwe. Alendo atapita anamuitana mwanayo.

"Ukakambako futi pa manzi aya, sukulu yasila. Uzayamba kulima na ine. Wamvela?"

"Namvela, batate."

Estina ankakonda sukulu kuposa chilichonse, choncho anatseka pakamwa.

Mu Januwale, akutunga madzi m'mawa, anaona zinthu zikusambira m'chidebe. Zinali mphutsi zoyera za michira italiitali, zija timaziona m'chimbudzi. Tangoganizani, madzi omwe banja lonse linkamwa ndi kuphikira. Mwanayo ananyansidwa mpaka misozi. Anasefa madziwo ndi chitenje, mphutsi n'kukataya kuseri. Ngakhale mayi ake sanawauze, poopa kuti zikafika kwa bambo.

Iye anasiya kumwa madzi a kunyumba. Tsiku lililonse ankabwera ndi botolo la madzi a kusukulu kudzapatsa mlongo wake Mapalo, kamnyamata ka zaka ziwiri. Koma botolo limodzi silikwana tsiku lonse. Estina akakhala m'kalasi, Mapalo ankamwa zomwe onse ankamwa.

Patapita masabata atatu, Mapalo anayamba kutsegula m'mimba ndi kusanza. Evaristo anati ndi mano akumera. Pamene anavomera kum'kweza panjinga kupita kuchipatala, mwana anali atalowa maso. Anamwalira tsiku lachiwiri.

Maliro atatha kunabwera mkulu wina wa zaumoyo, ba Bornwell, kudzaona pakhomopo. Anayang'ana chimbudzi, anayang'ana chitsime, napukusa mutu. Anatunga madzi ndi chidebe n'kuchiika pamapazi pa Evaristo. Mphutsi zinali yakaliyakali. Evaristo, amene m'mawa womwewo anamwa makapu awiri a madzi amenewa, anatembenuka n'kusanza.

"Ba Evaristo, kansi pa nyumba pano palibe anaona ivi?" anafunsa ba Bornwell.

Evaristo anatembenukira Estina, poti ndiye ankatunga madzi.

"Iwe, sunavione?"

"Ninaviona, batate."

"Liti?"

"Kuyambila mu Januwale."

"Manje unakhalila chani zii?"

"Munakamba kuti nikakambako futi, sukulu yasila."

Natalia analira mokweza. Evaristo anakhala pansi m'matope. Mwana anam'chenjeza kawiri konse, koyamba ndi funso, kachiwiri ndi mabotolo, ndipo iye anayankha ndi mbama ndi chiopsezo. Zonyansa zenizeni pakhomopo sizinali m'chitsime mokha ayi.

Chitsime anachikwirira. Chimbudzi chatsopano anakumba kuseri kuja, pamwala pomwe anathawa, ndipo zinam'tengera masabata atatu basi.

Masiku ano akuti Evaristo anasintha. Estina akabwera kusukulu amamuitana pakhonde, mawu ali ofewa.

"Mwana wanga, lelo mwaphunzila chani? Funsa chilichonse, nizayankha."

Estina amagwada mwaulemu, monga momwe bambo ake ankafunira kale.

"Nilibe funso, batate."

Phunziro: Mwana akafunsa, muyankheni. Ngati yankho simukulidziwa, nenani kuti simukudziwa, mukafufuze naye limodzi. Mukam'tseka pakamwa lero, adzakhalanso chete tsiku limene mawu ake akanapulumutsa moyo. Musaisunge nkhaniyi mufoni mwanu, itumizeni kwa makolo ndi aphunzitsi onse amene mukuwadziwa.